Ndowa Imene Ankandilandira

Msana wangawu unakulira pansi pa dengu. Ndinayamba kuthyola tiyi ndili namwali, ndinathyola ndili ndi pakati, ndinathyola mwana ali kutsogolo dengu lili kumbuyo, ndinathyola mpaka imvi zinamera. M'mawa chiperoni chili mbuu, ife talowa kale m'mizere, madzi a pamasamba atinyowetsa mpaka m'chiuno, manja akungoti thyo, thyo, kuponya kumsana, thyo, thyo, kuponya kumsana. Dengu likadzaza umakwera nalo chitunda kupita kusikelo, kapitawo akukuwa kuti wathyola tsamba lokhwima. Sindinena kuti inali ntchito yabwino, ayi. Inali ntchito yodya munthu utsikana wake. Koma thupi langa masiku amenewo linali louma, lowongoka, losadziwa khomo la chipatala.

Bambo a kunyumba anamwalira matipate atangoyamba kumene. Ana anga aamuna anapita kutauni, anakwatira komweko, ankabwera pamaliro pokha. Amene anatsala pafupi ndi mwana wanga wamkazi, wotsiriza, amene anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi pa sukulu ya pa esiteti. Amuna ake, akamwini anga, anali munthu wofatsa, woyenda moyang'ana pansi. Anayamba ndi kulemba masamba pasikelo, kenako anawakweza kukhala kalaliki wa kufakitale, ndipo kampani inawapatsa nyumba ya njerwa, ya malata, ya magetsi, mpopi uli pakhomo penipeni.

Tsiku limene anabwera kudzanditenga kwathu ku Goliati ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinathawa. Mwana wanga anati ntchito ndagwira yokwana, tsopano ndikapume, ndikadye za mwana amene ndinamuphunzitsa ndi dengu. Ndani angakane mawu otere? Kwathu kuno mkamwini ndiye amabwera kwa apongozi kudzalima, koma ntchito ya pa esiteti inatembenuza zinthu, mpongozi ndinanyamuka kupita kwa mkamwini. Chitseko ndinamanga ndi waya, nkhuku ndinagawa, ndinakwera galimoto ndikuimba njira yonse.

Kupumako ndinakupeza. Ee, ndinakupeza ndithu. M'mawa fakitale ikalira, akamwini achoka, mwana wanga wachoka, adzukulu achoka ndi mabuku awo, nyumba yonse zii. Ine pakhonde, pamphasa, miyendo tambalale. Madzi ali pampopi, chimanga chapita kuchigayo, nkhuni zabwera pa thirakitala zodulidwa kale. Kutsidya kwa chigwa ndinkaona anzanga akale m'munda wa tiyi, atachepa ngati nyerere, madengu ali kumsana. Mphepo ikatembenuka nyimbo yawo inkafika pakhonde panga. Ndinkavomera ndekha, koma mawu anga sankawoloka chigwa.

Popeza ndinalibe wocheza naye, ndinkacheza ndi pakamwa panga. Ife a Sabata sitimwa tiyi. Ndinamuthyola moyo wanga wonse osamulawa. Koma madzi otentha othira mkaka ndi shuga, amenewo si tchimo, ndipo shugayo ndinkathira ndi mtima wonse. Masikono opaka majarini, mandasi, mbatata yokazinga, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimene akamwini ankabwera nazo pakutha pa mwezi, zinthu zimene kale ndinkangozimva kwa anthu, tsopano zinali pambale panga tsiku ndi tsiku. Ndinkadya m'mawa, ndinkadya ndikatopa ndi kukhala, ndinkadya ndikasowa wolankhula naye.

Ndinanenepa. Chitenje chimene chinkandizungulira n'kutsalako chinayamba kukumana movutikira. Kutchalitchi amayi ankandigwira masaya, akuti koma anganga mwasalala, akamwini anu akukusungani bwino, Mulungu awadalitse. Zinali zaka zimene maliro sankatha m'malayini a antchito. Munthu akayamba kuonda, anthu sankafunsa kanthu, ankangoyang'anizana. Tsono thupi langa lalikululo linali umboni woti m'nyumba ya akalaliki muli moyo. Mwana wanga akamayenda nane pamsewu ankanyada, inenso ndinkanyada naye.

Koma m'kati munali zina. Ndinkadzuka m'mawa ndili wotopa ngati ndachokera kumunda. Kumanja kuno, pansi pa nthiti, panali kulemera, osati kupweteka kwenikweni, kungokhala ngati wina wakuikira mwala wofunda n'kuuiwala pomwepo. Ndikawerama kuti nditole kanthu, mpweya unkandithera. Ndinabisa nthawi yaitali, chifukwa kudandaula m'nyumba imene akukudyetsa bwino kumamveka ngati kusathokoza. Mwana wanga anazindikira yekha atandipeza kangapo ndikugona dzuwa lili pamutu, ndipo ananditengera kuchipatala cha mishoni.

Anandikweza pasikelo, ananditenga magazi. Tsiku lina anandigoneka pabedi, anandipaka zozizira pamimba, anayendetsapo kachipangizo uku akuyang'ana pagalasi loonetsa za m'kati mwa munthu. Adokotala anali mayi wamtali wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Atamaliza anandipukuta pamimba nati, "Anganga, chiwindi chanu chili ndi mafuta."

Ine ndinaomba m'manja, ndinati zikomo kwambiri. Kodi pamsika ukamagula nyama suloza yonona? Ndinayesa akundiyamikira monga ankachitira amayi a kutchalitchi. Adokotala anaseka mpaka anavula magalasi. Kenako anakoka mpando, anakhala pafupi nane, anandifunsa ngati ndimamwa mowa. Ndinawauza kuti ine ngakhale tiyi sindidziwa kukoma kwake, nanga kachasu ndikanamuyambira pati. Anati akukhulupirira, matendawa amagwiranso anthu osamwa.

Anandifotokozera ngati akufotokozera mchemwali wawo. Anati minofu ya m'manja, ya m'miyendo ndi ya kumsana ndi imene imadya shuga wa m'magazi ikamagwira ntchito. Ikagona, shugayo amasowa kolowera, thupi limamusandutsa mafuta, ndipo mafuta ena amakaunjikana m'chiwindi. Chiwindi chikakhala choncho zaka zambiri chimatupa, kenako chimachita zipsera n'kuuma, ndipo chikafika pamenepo kubwerera kumavuta. Matenda a shuga nawonso amakhala ali pakhomo. Changa chinali chisanapite patali. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse mapiritsi. Anati mapiritsi ake alibe.

"Mankhwala anu ndi katundu," anatero. "Muzinyamula."

Anaimirira n'kundionetsa. Kukhala pampando n'kudzuka osagwira kanthu, kubwereza mpaka ntchafu zitenthe. Kuyedzamira khoma ndi manja n'kudzikankha. Kunyamula ndowa ya madzi, kuyamba ndi yatheka, kuitula, kuinyamulanso, msana uli wowongoka, osatsekera mpweya m'chifuwa. Anati lero ndigwire, mawa thupi lipume, mkuja ndigwirenso, ndipo katundu akayamba kupepuka ndiwonjezere. Ndiziyenda, ndichepetse shuga ndi zokazinga. Mutu ukazungulira kapena pachifuwa pakapweteka, ndisiye, ndibwere adzandione.

Mwana wanga anali pomwepo, anamva zonse. Tili m'njira anati za shugazo wamva ndipo asiya kugula zotsekemera, koma zinazo adokotala akunena chifukwa amayi awo sakhala pa esiteti. Ndinaseka, ndinayesa nthabwala.

M'mawa mwake anthu atachoka ndinatunga madzi pampopi, ndinapinda nkhata, ndinasenza ndowa kuti ndizungulire nayo nyumba. Sindinafike ngakhale pangodya. Mkazi wa makaniko, wa nyumba yoyandikana nafe, anatulukira akuthamanga, chitenje akumanga m'njira, anapinda mawondo nati, "Tilandire, anganga." Ndowa inachoka pamutu panga ndisanayankhe.

Mwambo umenewu ndi wokoma, ndipo ine ndinauphunzitsa ana anga ndi kamtengo m'manja. Wamng'ono akaona wamkulu atasenza, amathamanga kukamulandira. Wamkuluyo sakana. Ukakana ndiye kuti munthuyo uli naye chifukwa, kapena ukumuyesa wakuba. Ndiye ndinathokoza. Anakatula ndowa kukhitchini kwathu, anandikhazika pamphasa, anati ndikafuna madzi ndizingokuwa. Ndinayesa kumufotokozera kuti ndowayo ndi mankhwala. Anandiyang'ana mwachisoni, mmene timayang'anira nkhalamba imene mutu wayamba kusokonekera, nati ee anganga, ndi mankhwaladi, khalani pansi.

Ndinabwereka munsi, munsi unalandiridwa. Ndinakoka thumba la chimanga, thumba linalandiridwa. Ndinatola khasu kuti ndipalire maluwa, khasu linalandiridwa. Kulandira ndi kulanda, mawu awiriwa pakamwa amasiyana pang'ono chabe, ndipo ine masiku amenewo ndinaleka kumva kusiyana kwake. Layini yonse inali ndi manja, manja abwino, manja oleredwa bwino, ndipo manja amenewo ankandiperekeza kumanda mwaulemu.

Ndinalowa m'nyumba kuti ndizichita za mpando ndi khoma. Kukhala, kudzuka, kukhala, kudzuka, ndikuimba kuti ndisamve mawondo. Mkazi wa makaniko anasuzumira pawindo. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira kuti anganga a kwa akalaliki alowa mpingo watsopano wopemphera modzuka n'kukhala. Tsiku lina atandiona ndikukankha khoma anakuwa ali panja kuti nyumbayo ndi ya kampani, ndikaigwetsa akamwini achotsedwa ntchito. Tinaseka tonse awiri, koma ine ndinakoka katani.

Kuseri kwa fakitale kuli nkhalango ya bulugama imene kampani inabzala kuti izipeza nkhuni zoumitsira tiyi, ndipo kumunsi kwake kuli kamtsinje. Anthu akabalalika m'mawa, ndinayamba kupita kumeneko. Kunalibe wondilandira. Ndinapeza mwala wanga, wosalala, waukulu ngati dzungu. Ndinkaukweza kufika pachifuwa, kuutula, kuukweza, kuutula, madzi akuyenda, mitengo ikulira pamwamba. Chilomwe chimene m'nyumba ya mwana wanga chinalibe wochiyankha, ndinkachilankhula kwa mwalawo. Ndinauuza za bambo a kunyumba, ndinauuza za ana a kutauni. Unkamvetsera bwino.

Poyamba thupi linkawawa ngati andimenya, masitepe a pakhonde ndinkatsika chammbali. Kenako china chake chinayamba kudzuka. Manja anakumbukira. Miyendo inakumbukira. Tulo ta masana tinachepa. Kulemera kwa pansi pa nthiti sikunachoke, koma masiku ena kunkandiiwala.

Chimene chinandigwetsa ndi chimwemwe. Tsiku lina ndinapeza nthambi zouma zitagwa ndi mphepo, zija alonda ankalola kutola. Ndinathyola, ndinasanja, ndinamanga ndi luzi mtolo weniweni, mtolo wa mayi wa ana ambiri, ndinausenza ndekha popanda wonditwika. Nditaimirira nawo khosi linauma gwa, mtima unaimba. Ndinaiwala kuti ndine mpongozi wa akalaliki. M'malo mwa kanjira kanga kobisika ndinatsata msewu waukulu, wodutsa pageti la fakitale, ndikuimba nyimbo ya m'munda, nthawi imene mathirakitala a masamba akulowa ndipo pageti padzaza anthu.

Anandilandira, ee, anathamanga ambiri nthawi imodzi mpaka kulimbirana mtolo. Koma maso anali ataona kale. Akamwini anali ataima pakhonde la ofesi. Dalaivala wina ananena mokweza kuti achimwene akalaliki apeza thirakitala yosamwa dizilo, abwerekeko pa nthawi yokolola. Anthu anaseka. Akamwini anatembenuka n'kulowa mu ofesi.

Madzulo amenewo sanadye. Ine ndi akamwini sitinkayang'anana kumaso, sitinkadyera pamodzi, tikakumana panjira wina ankapatuka. Ndi ulemu wa kwathu umenewo, ndipo mawu athu onse ankadutsa mwa mwana wanga. Iye ndiye anabwera kuchipinda kwanga dzuwa likulowa, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso ali psuu.

"Amayi, takulakwirani chiyani?"

"Palibe, mwananga."

"Nanga mukutivuliranji pagulu? Kuofesi akuti timakutumani nkhuni. Kusukulu anzanga andifunsa ngati timakumanani chakudya mukapanda kugwira ntchito."

"Unalipo adokotala akulankhula."

"Ndinalipo. Zanuzo muzichitira m'chipinda muno, chitseko chotseka. Panja simunyamulanso kanthu, ngakhale kapu."

Ndinavomera. Ndinkafuna adzukulu anga, ndinkafuna phokoso lawo la madzulo, ndinkafuna kumva mwana wanga akutsuka mbale kuseri kwa khoma. Ndowa inalowa m'chipinda. Ndinkainyamula kuchokera pabedi kufika pachitseko, kuchokera pachitseko kubwerera pabedi, katani wokoka, osaimba kuopa kumveka. Koma ine moyo wanga wonse katundu ndinkanyamula kuti afike kwinakwake. Madzi osapita kulikonse ankandilemera mumtima kuposa m'manja. Ndikatuluka kuti ndiwongole miyendo, mkazi wa makaniko ankandifunsa kumene ndikupita, ankandiperekeza, ankandibweza. Ndinadumpha tsiku, ndinadumpha sabata, kenako ndowa inangokhala pakona, ine ndinabwerera pamphasa. Tulo ta masana tinabwerera. Mwala wa pansi pa nthiti unabwerera pamalo pake. Ndinaona bwinobwino kuti m'nyumba imeneyi ndikhoza kusunga malo anga kapena chiwindi changa, koma osati zonse ziwiri.

Tsiku lina Lamlungu ndinamuitana mwana wanga, ndinamuuza kuti andiperekeze kwathu.

"Ndiye anena kuti takuthamangitsani."

"Ndikakhala adzanena kuti munandisunga bwino mpaka tsiku la maliro."

Anatuluka. Patapita kanthawi ndinamva nsapato zolemera zikuima kuseri kwa chitseko. Anali akamwini. Sanalowe. Kanali koyamba kundilankhula okha popanda wodutsamo.

"Apongozi, ngati pali chimene chikuchepa m'nyumba muno, nenani, ndikapeza."

Ine nditayang'ana kukhoma ndinati, "Palibe chochepa, bambo. Zonse zachuluka. Matenda anga ndi amenewo."

Kenako nsapato zija zinapita.

Anthu a pa layini anauzidwa kuti ndikukaona munda, ndidzabwera mvula ikatha. Ku Goliati ndinapeza chiswe chitakwera khoma, udzu utafika pawindo, waya wa pachitseko utachita dzimbiri. Pamudzi anthu anali atachepa. Anzanga a msinkhu wanga ena anali kumanda, ena kwa ana awo kutauni. Otsalawo aliyense anali ndi mtolo wake pamutu, wina ana amasiye, wina wodwala m'nyumba, ndiye akakuona wasenza ankangopereka moni n'kupitirira. Palibe amene ankadziwa kuti ndine mpongozi wa akalaliki, ndipo amene ankadziwa analibe nazo ntchito.

Ndinagwira. Ndinapopa mjigo ndekha, ndinasenza chigubu, ndinakwera nacho chitunda. Ndinakonola chimanga mumtondo, munsi ukukwera munsi ukutsika. Ndinazula zitsa za nandolo, ndinamata khoma, ndinanyamula mkoko wa nthochi kuchokera kudimba, madzi ake akudontha kumsana. Za mpando ndi khoma sindinasiye, ndipo tsopano ndinkazichitira pabwalo, ndikuimba mokweza, mbuzi za eni ake zikundiyang'ana. Mawu a adokotala oti thupi lizipuma ndinawasunga: tsiku la zolemera likadutsa, lotsatira ndinkasankha nyemba kapena kusoka mphasa. Ndinabwerera ku zakudya zanga zakale, nandolo, kalongonda, chigwada, chisoso, nthochi zophika. Shuga ndinamulakalaka ngati munthu amene anasamuka, kenako ndinamuiwala.

Koma kuphikira munthu mmodzi n'kovuta. Dzanja limatapa za banja lonse, umabweza. Umapakula, umakhala pansi, umayang'ana uku ndi uku ngati pali wina woti ayambe. Masiku a ntchito, ntchitoyo inkandicheza. Tsiku lalitali linali la Sabata. Ukabwera kutchalitchi sugwira khasu, sugwira munsi, umangokhala, dzuwa laima pamalo amodzi. Pamenepo ndinkamva phazi lililonse la pamsewu, ndinkadzutsa mutu kuyesa adzukulu. Ndinkaimba nyimbo zonse zimene ndimadziwa, zikatha ndinkayambiranso poyamba. Mwana wanga ankatumiza sopo ndi mchere kudzera mwa anthu a ulendo, moni wake unali waufupi. Mvula inagwa, mvula inatha. Sanatumize mawu oti ndibwerere, inenso sindinafunse.

Chisanu chitadutsa ndinapita kuchipatala ndekha. Anandikweza pasikelo. Muvi unangosuntha pang'ono, pang'ono zedi, kuchokera pamene unaima ulendo woyamba uja. Ndinakhala pabenchi. Ine ndi sikelo tinadziwana kalekale, ndipo m'munda wa tiyi sikelo ikanena, yanena, palibe wotsutsa. Ndinati adzukulu anga ndawasiya pachabe. Adokotala aja atandiona anati ndisathamange. Magazi anatenganso, zozizira zija anapakanso, anayang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Sikelo siona chiwindi, anganga," anatero.

Anati mafuta achepa, magazi akusonyeza kuti chiwindi chayamba kupuma, shuga naye watsika. Anati thupi silinapepuke kwambiri chifukwa minofu yabwerera, ndipo minofu nayo imalemera. Ananditsina mkono, anati uwu ndiye mkono. Koma anandichenjeza kuti matendawa sanathe, angobwerera m'mbuyo, ndipo ndikadzakhalanso pansi adzandipeza pomwepo.

Ndinatuluka ndikuimba pakhonde la chipatala, odwala akundiyang'ana. Nkhaniyo inkanditentha pakamwa, ndipo khutu limene ndinkalifuna linali limodzi lokha. Ndinakwera minibasi, ndinatsika pamphambano ya esiteti, ndinayenda pakati pa tiyi mpaka pa layini.

Kwa mwana wanga anandipatsa mpando wa pabalaza. Anandithira madzi osamba m'manja, anatulutsa mbale za m'kabati, zija za alendo. Adzukulu anagwada patali kupereka moni, atatalika, akuchita manyazi. Akamwini anandilonjera ali pakhonde, ine ndinayankha ndili m'nyumba. Chitseko cha chipinda changa chinali chotsegula. Munali makina osokera ndi matumba a chimanga.

Ndinamuuza mwana wanga zonse, za muvi wa sikelo, za galasi, za adokotala kunditsina. Anagwira mkono wanga, anaufinya, sanausiye, misozi ikutsika. Anati matumbawo akhoza kuwachotsa tsiku lomwelo.

"Bwererani, amayi. Ana akukusowani. Inenso."

"Ndibwere ndi khasu langa? Ndizidzatunga ndekha, ndizidzapita kunkhuni?"

Anayang'ana pawindo, kumene mkazi wa makaniko ankayanika zovala pang'onopang'ono, khutu lili kuno. Ndinadikira. Anapukuta maso ndi chitenje, nandifunsa ngati ndidya mpunga kapena mbatata.

Ndinadya mpunga. Ndinatsanzika dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndinati ndasiya nyemba padzuwa. Anandiperekeza mpaka pamene mizere ya tiyi imathera, tikukamba za mvula ya chaka chimenecho ndi za mano a mdzukulu wamng'ono. Pamenepo iye anaima, ine ndinapitirira.

Ndikali ku Goliati. Mwana wanga amabwera nthawi zina, timacheza, timaseka, nkhani ija sitiikhudza. Akachoka bwalo limakula. Mdzukulu wanga wamkulu anakwatiwa chilimwe chathachi, ndipo ndinapita. Ndinavina mpaka fumbi linakwera, miyendo yomweyi, osapumira, akulu a mpingo akundiyang'ana chammbali, alendo a kuchimuna akufunsana kuti agogo amenewa ndi a kuti. Ndinamuona mdzukulu wanga atavala zoyera, ndinamuona ndi maso angawa, ndili chiimirire. Phwando litatha aliyense ananyamuka ndi wake. Ine ndinakwera matola, ndinafika kusanade, ndinatsegula chitseko, ndinakoleza moto.